Nkhalamba ndi ndodo yake: moyo wa Bernhard Langer

Malemba: Numeri 8:23-26, Yoswa 14:6-13, 2 Samueli 19:31-39

Lachisanu pa 11 Epulo 2025, pa bwalo la gofu la Augusta National ku America, khamu la anthu lidaimirira ndi kuombera m'manja mkulu wina wa zaka 67 amene adali atangogonja kumene. Mkuluyo ndi Bernhard Langer wa ku Germany. Pa dzenje lotsiriza kampira kake kadalambalala pang'ono chabe, ndipo kuphonya kumodziko kudamutulutsa mu mpikisano wa Masters, umene adaupambana kawiri m'masiku a mphamvu zake. Adavula chipewa, adathokoza anthu, natuluka m'bwalo kukakumana ndi banja lake. Onse adadziwa kuti sadzamuonanso akupikisana pamenepo, pakuti mwini wake adali ataneneratu kuti ulendo umenewu ndi wotsiriza.

Ndikudziwa, okondedwa awerengi, kuti ambiri a ife masewera a gofu timangowaonera patali tikamadutsa m'mbali mwa mabwalo ake m'mizinda, ndipo timawayesa a anthu olemera okhaokha. Sindikukukopani kuti mukagule ndodo ayi. Ndatenga nkhani ya munthu ameneyu chifukwa ikukhudza funso limene lili m'nyumba zathu zambiri, ngakhale sitilifunsa mokweza: kodi munthu achite nazo chiyani zaka zimene zamutsalira, dzuwa la moyo wake likapendeka? Ena amangopinda manja n'kumadikira manda. Ena amakakamira mpando kufikira atachita kuwakokapo. Ine ndikuona kuti onse awiriwa akudwala nthenda imodzi, ndiyo kuyesa kuti mtengo wa munthu uli pa zimene akupambana lero.

Kwa osawadziwa masewerawa, ndifotokoze mwachidule. Bwalo limakhala ndi maenje 18. Wosewera amamenya kampira ndi ndodo kuchokera patali kufikira katalowa m'dzenje lililonse, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa kuposa anzake. Mpikisano waukulu umatenga masiku anayi, koma akatha masiku awiri, otsalira m'mbuyo amabwezedwa kwawo. Mulibe mnzako wokupatsira mpira, mulibenso womuloza chala. Ukalakwa walakwa wekha, dziko lonse likupenya.

Langer adabadwa pa 27 Ogasiti 1957 m'mudzi wa Anhausen, pafupi ndi mzinda wa Augsburg. Bambo ake adali mmisiri womanga nyumba, ndipo pakhomopo padalibe chuma. Masewerawa adawadziwira pa ganyu. Ali mwana wa sukulu ankapalasa njinga kupita ku bwalo kukanyamulira anthu zikwama za ndodo kuti apeze kangachepe. Mu 1972 gofu idasanduka ntchito yake yodyera. Mu Epulo 1985, ali ndi zaka 27, adapambana Masters, nakhala munthu woyamba wa ku Germany kutenga umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya gofu. Chaka chotsatira, atayamba kusanja osewera a dziko lonse lapansi pa mndandanda umodzi, dzina lake ndilo lidakhala pamwamba.

Mwini wake wakhala akusimba poyera zimene zidamuchitikira sabata ya chipambano cha 1985. Pomufunsa mafunso pa wailesi yakanema, adatchula dzina la Ambuye Yesu pachabe, ngati mawu ongodabwira nawo, ndipo anthu adamulembera makalata omudzudzula. Choposa apo, adazindikira kuti jekete lobiriwira limene amaveka wopambana silidakhutitse mtima wake. Ndalama adali nazo, kutchuka adali nako, mkazi adali atangokwatira chaka chapitacho, komabe mumtima mudali zii. Patapita masiku owerengeka, ali ku Hilton Head, mnzake Bobby Clampett adamuitanira ku phunziro la Baibulo la osewera gofu. Wophunzitsa wake, Larry Moody, adakamba za Nikodemo, mkulu wopembedza uja amene adapita kwa Yesu usiku nakauzidwa za kubadwanso. Langer adakulira m'tchalitchi, ndipo ankayesa kuti ntchito zake zabwino zimukwanira pamaso pa Mulungu. Atasanthula Malemba kwa kanthawi, adadzipereka kwa Khristu.

Alaliki ambiri akadamalizira nkhaniyi pomwepa, n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zidayenda myaa. Koma sizidatero. Langer adavutika kangapo ndi nthenda imene osewera gofu amaitcha yips. Munthu akaima pafupi ndi dzenje, pamene pangofunika kukankha kampira pang'onong'ono, manja amanjenjemera ndi kudzuma okha, osamvera mwini wake. Nthendayi yathetsa ntchito ya akatswiri ambiri. Idamugwira asanatembenuke mtima, ndipo idamubwereranso atatembenuka. Mu 1988, pa mpikisano wa Open ku Royal Lytham m'dziko la England, adakankha kampira kasanu pa dzenje limodzi kasanalowe, pamene katswiri amayenera kukankha kamodzi kapena kawiri.

Chowawa kwambiri chidadza mu Sepitembala 1991 ku Kiawah Island, pa mpikisano wa Ryder Cup, umene timu ya ku Ulaya imalimbana ndi ya ku America. Atasewera masiku atatu, zonse zidatsalira pa anthu awiri, Langer ndi Hale Irwin, pa dzenje lotsiriza. Kampira ka Langer kadali pa mtunda wosakwana mamita awiri. Kakadalowa, chikho chikadabwerera ku Ulaya. Kadakhudza mlomo wa dzenje n'kupitirira. Nkhope yake ya ululu idatuluka m'nyuzipepala za maiko ambiri, ndipo anthu adati munthuyu sadzadzukanso. Sabata yotsatira yomweyo adapambana mpikisano wa German Masters ku Stuttgart. Pofotokoza za masiku amenewo, iye wakhala akunena kuti kuphonyako kudamupweteka ndithu, koma sikudasinthe chikondi cha Mulungu kapena cha banja lake pa iye.

Tiyeni tiime pang'ono pamenepa, abale ndi alongo. Masiku ano chiphunzitso chafala chakuti ukakhala wa Mulungu sugonja, sudwala, susowa, ndipo ukagonja ndiye kuti chikhulupiriro chako n'choperewera. Langer adali atayenda ndi Ambuye zaka zisanu ndi chimodzi, koma Mulungu sadamukankhire kampira kaja m'dzenje. Chikhulupiriro sichidamuchotsere kuphonya. Chidamuchotsera mantha akuti akaphonya ndiye kuti iyeyo watha. Munthu amene mtengo wake udalipiridwa kale pa mtanda amatha kulira Lamulungu, n'kudzuka Lolemba kukagwira ntchito. Pa 11 Epulo 1993, Lamulungu la Pasaka, adapambana Masters kachiwiri, ndipo pakamwa pomwe paja pamene padatchula dzina la Ambuye pachabe padachitira umboni pa wailesi yakanema kuti n'chinthu cha mtengo wapatali kupambana pa tsiku lokumbukira kuuka kwa Mpulumutsi wake. Taonani tsikulo: 11 Epulo, tsiku lomwelo limene adadzagonja ndi kutsanzika patapita zaka 32. Mulungu amene adali naye pa chipambano ndi yemweyo adali naye pa kugonja.

Tsono tifike pa chigawo chachiwiri cha moyo wake, chimene chandichititsa kulemba. Wosewera gofu akakwanitsa zaka 50 amaloledwa kulowa mipikisano ya akuluakulu okhaokha, imene ku America imatchedwa PGA Tour Champions. Zaka 50 zimenezi zimandikumbutsa lamulo la Alevi m'buku la Numeri. Mlevi ankayamba kutumikira m'chihema ali ndi zaka 25, ndipo akafika zaka 50 ankatula ntchito yolemetsa. Koma sankamupirikitsa. Ankatsala pomwepo kuthandiza abale ake pa udindo woyang'anira. Mulungu sadanene kuti Mlevi wokalamba watha ntchito. Adangomusinthira ntchito kuti ilingane ndi msana wake.

Langer adakwanitsa zaka 50 mu Ogasiti 2007. Adali atapambana kale mipikisano 42 ya ku Ulaya, adali ataseweramo mu Ryder Cup ka 10, ndipo mu 2004 adatsogolera timu ya ku Ulaya kukagonjetsa America kwawo komwe. Akadafuna kupuma, palibe akadamunena. Ambiri amalowa mipikisano ya akuluakuluyi n'kuwala zaka zochepa zoyambirira, kenaka thupi limawakana. Iye adapambana koyamba mu Okotobala 2007, ndipo sadalekere pomwepo. Mu 2010 adatenga mipikisano iwiri ikuluikulu ya akuluakulu m'masabata awiri otsatizana, wina ku Carnoustie m'dziko la Scotland, wina ku Sahalee kufupi ndi Seattle, kutsidya lina la nyanja. Mu 2014 ku Royal Porthcawl m'dziko la Wales adasiya womutsatira kutali ndi mamenyedwe 13. Mu 2017, chaka chimene adakwanitsa zaka 60, adapambana mipikisano 7. Mu Julaye 2023, ali ndi zaka 65, adatenga US Senior Open ku Wisconsin. Chimenechi chidali chipambano chake cha 46 pakati pa akuluakulu, ndipo chidaposa zipambano 45 za munthu amene adali patsogolo pa onse kwa zaka zambiri. Munthuyo ndi Hale Irwin, yemwe uja wa ku Kiawah Island.

Makolo adati tsabola wakale sawawa, koma uyu adawawabe. Nanga chinsinsi chake n'chiyani? Anzake osewera nawo amachitira umboni chinthu chimodzi, kuti munthuyu sachita ulesi pokonzekera. Amalimbitsa thupi, amasamala zakudya, ndipo asanasewere amayendera bwalo lonse mofatsa, kuyeza mitunda ndi kulemba, kufikira ena kumadandaula kuti ndi wochedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye amalitenga thupi lake ngati chinthu chobwereka chimene adzayankhapo kwa Mwini wake.

Chinanso n'chakuti sadachite manyazi kuphunziranso atakula. Pothawa nthenda ya manja ija, adazolowera kukankha kampira ndi ndodo yaitali imene ankaitsamiritsa pachifuwa, ndipo adatero kwa zaka zoposa 15. Kuyambira pa 1 Januwale 2016 malamulo a gofu adaletsa kutsamiritsa ndodo pathupi. Ali ndi zaka 58 adayenera kuyambanso ngati mwana wa sukulu, kugwira ndodo yomweyo italekana ndi chifuwa. Ataona kuti akupambanabe, ena adayamba manong'onong'o akuti akubera. Kwa Mkhristu wodziwika, chitonzo chotere chimapweteka kuposa kugonja. Oyang'anira malamulo adanena poyera mu 2017 kuti sakuphwanya lamulo lililonse, ndipo iye adapitiriza ntchito yake.

Mu Febuluwale 2024 mtsempha wake wa kuchidendene udaduka pamene ankasewera masewera ena ofanana ndi tenisi. Kwa munthu wa zaka 66, ngozi yotere imakhala chitseko chotsekera. Adamuchita opaleshoni, ndipo patangotha miyezi itatu adabwerera m'bwalo akutsimphina. Mu Novembala chaka chomwecho, ku Phoenix, adalowetsa kampira kuchokera pa mtunda wa mamita pafupifupi 9 pa dzenje lotsiriza, napambana ka 47 ali ndi zaka 67. Kuyambira 2007 kufika 2024, zaka 18 zotsatizana, sichidapite chaka osapambana.

Mukamva izi simungalephere kukumbukira Kalebe. Adali ndi zaka 40 pamene Mose adamutuma kukazonda dziko la Kanani, ndipo adadikira zaka 45 kuti alandire zimene adalonjezedwa. Atafika zaka 85 adaima pamaso pa Yoswa. Sadapemphe chigwa chofewa chopumuliramo. Adapempha dziko la mapiri la Hebroni, kumene kudali anthu amphamvu ndi mizinda ya malinga, podalira kuti Yehova akhala naye. Alipo akuluakulu ambiri pakati pathu amene Mulungu adawasungira mphamvu ndi nzeru, koma adadziika okha pa mkeka tsiku limene adalandira kalata yopumira pa ntchito. Mphunzitsi wopuma akadatha kuphunzitsa ana a m'mudzi kuwerenga. Namwino wopuma akadatha kulangiza amayi oyembekezera a mu mpingo. Kalata ya kuntchito si kalata ya Mulungu.

Komabe nkhani ya Langer ikadakhala ya Kalebe yekha, ikadakhala yoopsa m'manja mwa anthu okonda mipando. Ili ndi mbali ina, ndiyo ya Barizilai. Mkulu ameneyu wa ku Gileadi adadyetsa mfumu Davide ndi anthu ake pamene ankathawa Abisalomu. Nkhondo itatha, Davide adamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu, azikadya ku nyumba yachifumu. Barizilai, wa zaka 80, adakana mwaulemu. Adavomera kuti lilime lake silikumvanso kukoma kwa chakudya, makutu ake sakumvanso oyimba, ndipo akangokhala katundu kwa mfumu. Adaiperekeza mfumu kuoloka Yordano, adapereka wachinyamata kuti apite m'malo mwake, iye nabwerera kwawo.

Mwambo wa Masters ndi wakuti amene adapambanapo amaitanidwa chaka ndi chaka moyo wake wonse. Palibe adamuuza Langer kuti asiye. Mu Novembala 2020, ali ndi zaka 63, adakwanitsa kusewera masiku onse anayi pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana ake. Koma bwalo la Augusta lakhala likutalikitsidwa, kotero kuti pofika 2025 lidali litaposa la 1985 ndi mamita pafupifupi 600, ndipo anyamata amakono amamenya kampira kutali kwambiri kuposa iye. Adavomera poyera kuti bwalolo lamutalikira, ndipo sangathenso kulimbirana nawo chipambano. Adasankha yekha tsiku lotsanzika, adasewera Masters yake ya 41, ndipo tsiku lachiwiri, atagwetsera kampira m'madzi pa dzenje la 15 ndi kuphonya pa la 18, adatuluka chifukwa cha kumenya kumodzi kokha. Sadachoke atanyamula chikho. Adachoka ali ndi ulemu wake wonse.

Munthu mmodzi yemweyo adakhala Kalebe pakati pa akuluakulu anzake, nakhala Barizilai pa bwalo la anyamata. Nzeru ya ukalamba yagona pa kudziwa phiri limene Mulungu akukupatsabe, ndi mpando umene wakuuza kuti uusiyire ena. Ndipo munthu sangasiyanitse ziwirizi ngati akuyesa kuti iye ndi mpandowo ndi chinthu chimodzi. Wotere akachotsedwa amafa asanafe, n'chifukwa chake amaluma aliyense woyandikira. Koma amene akudziwa kuti ndi mwana wa Mulungu, ali pa udindo kapena ayi, manja ake amamasuka kugwira ntchito mwamphamvu, amamasukanso kuitula nthawi ikakwana.

Wina anena kuti: Abusa, mukutifanizira ndi munthu wa chuma, wokhala ku Florida, amene akavulala madokotala abwino amamuthamangira. Nanga agogo amene akulera zidzukulu zamasiye ndi khasu, kapena bambo amene wafa ziwalo ndipo sangathe ngakhale kudzisambitsa? Funsoli ndi loona, ndipo sindilizemba. Thanzi la Langer si mphotho ya chiyero chake, monganso matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi si chilango cha machimo a okalamba athu. Alipo oyera mtima ambiri amene matupi awo adafooka msanga. Tikatenga zikho 47 zija ngati umboni wakuti Mulungu amamukonda, tabwerera ku chiphunzitso chonama chimene tachikana poyamba paja. Chimene tingatengeko kwa iye ndi maziko amene adaimapo tsiku limene adaphonya, ndipo maziko amenewo safuna ndalama. Ngati mtengo wa munthu suli pa zimene akupambana, ndiye kuti agogo ogona pa mphasa, amene sangathenso kulima ngakhale mzere umodzi, ndi a mtengo womwewo pamaso pa Mulungu monga katswiri wovala jekete lobiriwira.

Apa mpamene nkhaniyi ikutiweruza ife a m'nyumba za Chikhristu. Timaimba m'tchalitchi Lamulungu, koma kumudzi tidasiya makolo athu opanda wowatungira madzi. Choipitsitsa, m'midzi ina nkhalamba ikangoyamba kuiwalaiwala ndi kuyankhula zosamveka, timaitcha mfiti, ena mpaka kuigenda. Tidaiwala kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Khamu la ku Augusta lidaimirira kulemekeza nkhalamba yogonja chifukwa cha ulendo wonse umene idayenda. Kodi ife, amene tili ndi lamulo la kulemekeza atate ndi amayi athu, tipambanidwe ndi oonerera gofu?

Inenso zaka 60 ndidazipitirira, ndipo mawuwa ndikudzilalikira ndekha. Ndaona m'mabwalo a mpingo akulu amene agwira udindo umodzi zaka makumimakumi, osaphunzitsa wowalowa m'malo, ndipo achinyamata akatchula za kusintha amayesedwa oukira. Ndaonanso ena amene atangotula udindo adasowa ndi m'mapemphero momwe, ngati kuti ankapembedza mpandowo. Mayesero onse awiriwa ndimawamva mumtima mwanga. Tsiku lina ndidzalalikira ulaliki wanga wotsiriza, ndipo mwina sudzakhala wabwino kuposa ena onse. Pempho langa n'lakuti ndidzadziwe tsikulo ndisanauzidwe, ndi kuti ndikadzatsika pa gome ndidzapeze ntchito ina ya Mlevi wokalamba, ngakhale ikhale yoyendera odwala kapena kupempherera alaliki achinyamata.

Inu a imvi, dzifunseni sabata ino mafunso awiri. Ndi phiri liti limene Mulungu wandisiyirabe mphamvu yolikwera, koma ine ndikulizemba ponamizira ukalamba? Ndi mpando uti umene ndikuukakamira, pamene wachinyamata woyenera waima pambali kudikira? Inu ana ndi zidzukulu, pitani mukawaone okalamba anu, muwafunse nzeru, muwapatse gawo pa zochitika za pabanja ndi za mu mpingo. Ndodo imene agwira lero, mawa idzakhala m'manja mwanu.

Tipemphere: Atate wakumwamba, Inu amene mumatinyamula kuyambira ubwana kufikira imvi, tipatseni mtima wa Kalebe pa ntchito imene mwatisiyira, ndi kudzichepetsa kwa Barizilai pa imene mwaipereka kwa ena. Tikapambana tisadzikuze, tikaphonya tisataye mtima, pakuti ndife anu mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.